Kodi Mumadziwa? Kaufa Kowala Kamene Kamaopa Kutentha

Kodi mumadziwa kuti mu tochi ya foni yanu mulibe nyale yoyera? Itembenuzeni foniyo musanayatse tochiyo, muona kadontho kachikasu. Pansi pake pali kachipangizo kowala buluu, ndipo chikasucho ndi ufa wotchedwa phosphor. Ufawu umameza mbali ina ya kuwala kwa buluu n'kulavula kuwala kwachikasu. Mitundu iwiriyi ikasakanikirana, diso limapusitsidwa, limaona zoyera mbee. Kampani ya Nichia ya ku Japan inayamba kugulitsa ma LED oyera otere mu 1996, ndipo amene anatulukira nyale ya buluuyo, a Isamu Akasaki, a Hiroshi Amano ndi a Shuji Nakamura, analandira mphoto ya Nobel mu 2014. Za ufawo sizitchulidwa kawirikawiri, koma popanda iwo bwenzi tikudyera nsima m'kuwala kwa buluu.

Nanga mumadziwa kuti ufa wina wotere ndi mbale wake wa mchenga? Gulu lotchedwa silicate limapangidwa ndi silicon ndi okosijeni, zomwe zilinso mumchenga wa kudambo, n'kuwonjezeramo zitsulo monga strontium ndi barium. Pakokha sikawala mokhutiritsa. Chimene chimawalitsa ndi europium, imene amathiramo pang'ono chabe ngati mchere m'ndiwo, ndipo ikachuluka kuwala kumatsika m'malo mokwera. Akachulutsa barium ufawo umawala zobiriwira, akachulutsa strontium umapendekera kuchikasu.

Tsono apa ndi pamene pali nkhani. Ufa umenewu amauwotcha m'ng'anjo zotentha kuposa madigiri 1,200 Celsius, ndipo umatulukamo uli bwinobwino. Koma ukaikidwa mu babu, kachipangizo ka pansi pake kakafunda kufika madigiri ngati 150, umayamba kufooka. Sikuti umasungunuka ayi. Kutentha kumanjenjemeretsa maatomu ake, ndiye mphamvu imene ikanatuluka ngati kuwala imathawira m'kunjenjemerako n'kusanduka kutentha kwina. Chikasu chikachepa, buluu amapambana, ndipo nyale imaoneka yotuwa. Ukazizira, mphamvu zake zambiri zimabwerera. N'chifukwa chake ofufuza akapanga ufa watsopano amathamangira kuyeza chinthu chimodzi: pa madigiri 150 kwatsala kuwala kochuluka bwanji poyerekeza ndi pa madigiri 25? N'chifukwa chakenso mababu abwino amakhala ndi aluminiyamu kutsinde kwake, yokokera kutentha kunja. Ine babu lopepuka ngati chikho cha pulasitiki sindilikhulupirira kwenikweni.

Pa mpikisano umenewu ma silicate ambiri satenga chikho. Ndi otsika mtengo komanso osavuta kupanga, koma amatopa msanga ndi kutentha, ndipo chinyezi nachonso chimawadya. Ufa wachikasu wa YAG, umene umathiridwa cerium, umapirira kuposa iwo.

Kodi mumadziwa kuti europium yomweyo inakonza mtundu wofiira pa wailesi yakanema? Chisanafike chaka cha 1964 zofiira zinkaoneka zofwifwa pa kanema, mpaka kunabwera ufa wa yttrium vanadate wothiridwa europium. Chitsulochi anachilekanitsa ndi zinzake ndi Mfalansa Eugène-Anatole Demarçay mu 1901 n'kuchitcha dzina la Ulaya. Lero chilinso m'zizindikiro zobisika za ndalama zamapepala za euro, zomwe zimawala zikaunikidwa ndi nyale ya ultraviolet.

Silicate wina ali m'chipatala. Makina ojambula m'thupi a PET, amene amasaka khansa, ambiri amagwiritsa ntchito miyala yoonekera mkati ya lutetium silicate yothiridwa cerium, yomwe imathwanima ikagundidwa ndi cheza cha gamma.

Zonsezi zinayamba ndi munthu wosoka nsapato. Cha m'ma 1603, Vincenzo Casciarolo wa mumzinda wa Bologna ku Italy anawotcha mwala ndi makala pofuna golide. Golideyo sanamupeze, koma mwalawo ukakhala padzuwa masana unkawala usiku.

Ndipo mumadziwa kuti zitsulo 17 zotchedwa rare earths, zomwe cerium ndi europium zili m'gulu lake, sizosowa monga dzina lake likunenera? Cerium ilipo m'nthaka mochuluka ngati kopa, vuto ndi kuilekanitsa ndi abale ake. Zinayi mwa izo, yttrium, ytterbium, terbium ndi erbium, zinatenga mayina kumudzi umodzi wokha, Ytterby wa ku Sweden. Kwathu kuno miyala yake ili pa phiri la Kangankunde m'boma la Balaka ndi pa Songwe ku Phalombe.