Kodi Mwini Wake wa Zinyalala Ndani?

Msika ukatha pa Nkando, m'boma la Mulanje, anthu a malonda atamanga katundu wao ndipo magalimoto a pamsewu wa Midima atachepa, pamatsala zinthu zimene palibe amazitenga. M'ngalande mumakhala majumbo, timapepala ta mafilizesi ndi mabotolo a pulasitiki ophwanyika. Koma munthu wofufuza bwino adzaona kuti botolo lagalasi la chakumwa lathunthu silipezeka m'zinyalalazo. Likagwa pansi, mwana amalitola msanga nathamangira nalo kugolosale.

Chifukwa chake nchodziŵika kwa omvera ambiri. Botolo lagalasi lili ndi mwini wake. Kuyambira kale, makampani a zakumwa monga Southern Bottlers ndi Carlsberg, imene inatsegula fakitale yake ku Blantyre mu 1968, ankagulitsa chakumwa chokha, botolo nkukhala lobwereka. Wogula wopanda botolo amasiya dipoziti, wagolosale amasunga mabotolo m'makireti, ndipo galimoto yobweretsa zakumwa imabwerera nao kufakitale kukatsukidwa ndi kudzazidwanso. Palibe mfumu kapena wapolisi amene amakakamiza zimenezi. Kampani ndiyo imafuna botolo lake, choncho inakonza njira yoti libwerere.

Botolo la pulasitiki ndi jumbo zilibe wozifuna. Wopanga akangogulitsa, udindo wake watha, ndipo mtolo wonse umagwera anthu ena amene sanadyeko phindu. Khonsolo imalemba osesa pamsika ndi ndalama za msonkho umene mai wogulitsa tomato amapereka. Mlimi akamagaula munda wa nandolo khasu lake limakola majumbo okwiririka zaka zambiri, pakuti pulasitiki saola ngati tsamba la nthochi. Mbuzi ikameza jumbo imene munali chiŵaya kapena mandasi, pulasitikiyo amatsakamira m'mimba, mbuziyo imaonda mpaka kufa. Otentha zinyalala madzulo amapuma utsi woipa pamodzi ndi ana ao. Lipoti limene bungwe la Lilongwe Wildlife Trust linatulutsa mu 2019 linati dziko la Malaŵi limapanga matani pafupifupi 75,000 a pulasitiki pachaka, ndipo mwa magawo 100 alionse, 80 ndi ogwiritsa ntchito kamodzi nkutaya.

Tsono pali ganizo limene maiko ambiri analisandutsa lamulo, lakuti udindo wa wopanga chinthu usathere pakhomo la fakitale, koma utsate chinthucho mpaka chitatha ntchito. Katswiri wa ku Sweden, Thomas Lindhqvist, ndiye analongosola ganizoli mu 1990 polembera boma la dziko lake. Chaka chotsatira, mu 1991, dziko la Germany linalamula kuti makampani azitenganso zokutira katundu wao. Poona kuti kampani iliyonse singathe kuyenda khomo ndi khomo kutola mapaketi ake, makampaniwo anagwirizana nakhazikitsa bungwe limodzi lotolera, limene chizindikiro chake chinali kadontho kobiriŵira kosindikizidwa pa paketi.

Kayendetsedwe kake nkotere. Kampani imaŵerengera kulemera kwa pulasitiki, galasi kapena chitini chimene yatulutsa pamsika, nkupereka ndalama molingana ndi kulemerako. Ndalamazo zimalipira otola, magalimoto onyamula ndi mafakitale osungunula zinthuzo kuti zipangidwenso. Chinthu chovuta kuchipanganso chimalipitsidwa zambiri, chosavuta zochepa. Apa ndi pamene pagona nzeru ya lamuloli. Wagolosale wa pa Nkando alibe mphamvu yosintha kapangidwe ka botolo, ngakhalenso wogula alibe. Mphamvuyo ili ndi mwini fakitale yekha, ndipo iye amayamba kuganizira za botolo lopepuka, lobwezeka kapena losungunuka mosavuta pamene kutaya kwake kwayamba kumdyera m'thumba. Akuluakulu anati walira mvula walira matope, ndipo lamuloli limangobwezera matopewo kwa amene analira mvula.

Njira imeneyi siya Azungu okha ai. Ku South Africa makampani a zakumwa ndi opanga mabotolo anayambitsa bungwe la PETCO mu 2004 mwa kufuna kwao, ndipo mu 2021 boma linachititsa udindowu kukhala wokakamiza. Ku Zambia malamulo a mtundu womwewu anasindikizidwa mu 2018.

Kuno kumudzi nkhondo yaikulu yakhala ya majumbo opyapyala. Mu 2015 boma linaletsa kupanga, kuitanitsa ndi kugulitsa pulasitiki wosafika mamaikironi 60. Maikironi imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita, kotero kuti muyeso umenewu ukuyandikira kukula kwa tsitsi limodzi la munthu. Opanga mapulasitiki anathamangira kukhoti natenga chiletso, ponena kuti ntchito za anthu zidzatha. Pa 31 July 2019 bwalo lalikulu la apilo linagamula kuti lamulo la boma liime. Mmodzi mwa amene analimbikira nkhaniyi ndi Mai Gloria Majiga-Kamoto, amene anayamba kukhudzidwa ataona mbuzi za alimi zikufa ndi mapulasitiki, ndipo mu 2021 analandira mphoto ya Goldman chifukwa cha ntchito imeneyi. Komabe mlandu sunathere pomwepo. Mu 2021 kampani ya Golden Plastics inatenga chiletso china, ndipo itachotsa mlandu wake mu 2024, makampani ena 11 anatenganso chao. Khoti lalikulu linachotsa chiletso chimenecho kumayambiriro a 2025, patapita zaka pafupifupi 10 chikhazikitsire lamulo. Pa zaka zonsezo majumbo sanaleke kutuluka m'mafakitale, ndipo ambiri a iwo akali m'nthaka mpaka lero.

Nkofunika kusiyanitsa zinthu ziŵirizi. Kuletsa kumachotsa chinthu chimodzi pamsika, ndipo pa jumbo yopyapyala, imene imang'ambika tsiku lomwelo ndipo palibe angaigule kuti akaisungunule, kuletsa ndiko kuyenera. Koma botolo la chakumwa, chigubu cha mafuta ophikira, thumba la shuga, batire ya wailesi ndi batire ya sola sizingaletsedwe, chifukwa anthu akuzifuna. Zimenezi ndizo zofunika mwini wake. Maziko a lamulo alipo kale, pakuti lamulo losamalira chilengedwe la 2017, limene linakhazikitsa bungwe la MEPA, limavomereza mfundo yakuti woononga ndiye alipire.

Zovuta zake sizobisika. Kampani ikalipitsidwa, gawo lina la ndalamazo limaloŵa mumtengo wa katundu, ndipo wogula wa pa Nkando ndiye adzalimva. Yankho lake ndi lakuti wogulayo akulipira kale, kungoti akulipira ndi mbuzi, ndi nthaka ndi chifuŵa chake, ndiponso amene sanamwe chakumwacho akulipira nao. Chovuta chachiŵiri ndi cha malire. Mulanje wayandikana ndi Mozambique, ndipo zakumwa za m'mabotolo a pulasitiki zimaloŵa kudzera pa Muloza ndi m'njira zina zachidule, pa njinga ndi pamutu. Fakitale ya kutsidya singalamulidwe ndi malamulo a Malaŵi, choncho maiko ena amasenzetsa udindowo woitanitsa katundu, kuti alipire pachipata monga akadalipira wopanga. Woloŵetsa mozemba ndiye amakhalabe mutu woŵaŵa, ndipo kampani ya m'dziko muno ili ndi chifukwa chomveka chodandaulira ngati iyo yokha ndiyo ikulipira.

Chachitatu ndi mtunda. Mabotolo a pulasitiki ndi opepuka koma odzaza malo, kotero kuti kuŵanyamula kuchoka pa Nkando kupita ku Limbe kungadye ndalama zoposa mtengo wao, pokhapokha ataphwanyidwa ndi kumangidwa mitolo. Nchifukwa chake ogula zitsulo zakutha amafika m'midzi, pamene ogula mabotolo a pulasitiki saoneka kaŵirikaŵiri. Komatu galimoto zimene zimabweretsa zakumwazo zimadutsa msewu womwewo wa Midima pobwerera ku Blantyre, ndipo njira yonyamulira mabotolo agalasi m'makireti yakhala ikuyenda pamsewu umenewu kwa zaka zambiri. Ku Germany, kumene kuyambira 2003 mabotolo otaya anaikidwa dipoziti, imene lero ndi masenti 25 pa botolo, mabotolo oposa 90 mwa 100 alionse amabwezedwa. Botolo la pulasitiki litakhala ndi dipoziti yomwe wagolosale angabweze pompopompo, ana a pa Nkando omwe amatola lagalasi aja angalitolenso lisanafike m'ngalande.