Chitedze chizulidwe chisanabale

Chaka chatha mwezi wa June ndinataya masiku awiri okolola chifukwa cha chitedze. Chinayanga pa mapesi kumalire a munda wanga, kufupi ndi khwawa. Ine ndi mwana wanga wamkulu tikumanga mikukwe, mphepo ya mwera inawomba ndipo posakhalitsa tonse tinayamba kudzikanda ngati tapenga. Aganyu awiri amene ndinawalemba anathawa ntchito ili pakati, koma ndalama zawo ndinawalipirabe.

Cholakwa chinali changa. Chomerachi ndinachiona mu January chili chanthete, koma ndinati ndidzachichotsa pobandira. Mawa mawa uja anandipweteketsa.

Chitedze ndi chomera cha m'gulu la nyemba ndipo chimayanga pa mitengo, pa mpanda ngakhalenso pa chimanga. Masamba ake amakhala atatuatatu ngati a khobwe. Chakumapeto kwa dzinja chimachita maluwa akuda mofiirira olendewera m'magulu, kenaka n'kubala nyemba zokutidwa ndi tiubweya. Tiubweyato ndi timene timalasa khungu n'kusiyamo mankhwala oyabwa. Nyembazo zikauma timathothoka mosavuta, n'chifukwa chake munthu amatha kuyabwidwa asanachigwire n'komwe.

Nthawi yabwino yothana nacho ndi December ndi January, popalira koyamba. Apa n'kuti chilibe nyemba ndiponso nthaka ili yofewa. Musangodula pamwamba ndi chikwanje ayi. Londolani chingwe chake mpaka pamene chamera ndipo muchizule ndi mizu yomwe. Yenderaninso malowo pakapita masabata awiri kapena atatu, poti njere zake sizimera nthawi imodzi. Khungu la njerezi ndi lolimba, choncho zina zimagona m'nthaka n'kudzamera chaka china. Ntchito imeneyi si ya chaka chimodzi.

Ngati mwachedwa ndipo chabala kale, gwirani ntchitoyi m'mamawa mame asanaume, kukalibe mphepo. Valani malaya a manja aatali, thalauzi ndi majombo, ndipo m'manja muvalemo majumbo a pulasitiki. Dulani patsinde, muchikoke ndi ndodo yamphanda, mukachikwirire m'dzenje lakuya. Ana asayandikire. Mukatha, zovalazo muzichape pazokha.

Chikakugwerani, limbani mtima osakanda, poti kukanda kumalowetsa tiubweya tija mkati ndiponso kumayambitsa zilonda. Vulani zovala, sambani ndi sopo ndi madzi ambiri ozizira. Kuyabwako kumatha pakapita maola ochepa. Koma chikalowa m'maso, tsukani ndi madzi oyera ndipo thamangirani kuchipatala. Chimodzimodzinso ngati thupi latupa kwambiri kapena mukubanika.

Pozula musasokoneze chitedze ndi kalongonda. Ziwirizi ndi zapachibale ndipo masamba ake amafanana, koma nyemba za kalongonda siziyabwa. Alangizi a zaulimi amalimbikitsa kudzala kalongonda chifukwa amabwezeretsa chonde m'nthaka ndi kuphimba udzu. Ngati munamudzala, ikani zikhomo m'mizere yake kuti aganyu asamuzule.

Pomaliza, kambiranani ndi eni minda yoyandikana nanu. Chitedze changa chija chinachokera pa tchire la pamalire limene aliyense ankati si lake. Chaka chino tinagwirizana mabanja anayi, tinalowamo ndi makasu mvula itangoyamba, ndipo tabwererako kawiri. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.