MBIRI YA TSABOLA, MLENDO MNZACE WA CIMANGA NDI FODYA

Tikafika kwa Mphuka nthawi ya cakudya ca masana, tipeza anthu othyola tiyi atakhala pamthunzi ndi nsima yao, ndipo sipalephera wina woturutsa katsabola kofiira m'thumba. Ambiri ayesa kuti mbeu imeneyi ndi ya makolo athu cikhalire. Iai, ndi mlendo.

Tsabola amene anayamba kudziwika ndiye wakuda uja, wa njere zazing'ono, wobala pa comera coyanga ku Malabar m'dziko la India. Ku Ulaya mtengo wace unali woopsa. M'caka ca 408 mfumu Alaric, atazinga mzinda wa Rome, anaulipiritsa golidi, siliva, ndi mapaundi 3,000 a tsabola. Njala ya tsabolayo ndiyo inatuma Vasco da Gama kuzungulira Africa. Anaima pa mtsinje wa ku Quelimane m'caka ca 1498, nafika ku Calicut caka comweco.

Koma wathuyu ndi wina. Columbus, pofuna India, anakafika ku America mu 1492, napeza anthu akudya zipatso zowawa zimene anazicha dzina la tsabola, ngakhale mitunduyi siiri paubale. Apwitikizi anatenga mbeuyo m'zombo zao kudza nayo ku magombe a Africa, njira yomweyo imene cimanga, fodya ndi cinangwa zinadzera. Mbalame zinatsiriza nchito: izo sizimva kuwawa kwace, ndipo zimwaza njere ponse. Ndico cifukwa piripiri amera yekha kuseri kwa nkhokwe.

Kuno ku Thyolo, kumene tiyi anabzalidwa ku Bandanga mu 1908, minda ya anthu ndi yocepa, ndipo mbeu yopindulitsa pa malo ang'ono siyenera kunyozedwa. M'zaka za m'ma 1970 a Khoromana anayamba kuika tsabola wa dziko lino m'mabotolo a Nali, amene afika ndi ku maiko akunja.

Tsono acikumbe inu, cenjerani ndi cinthu cimodzi. Tsabola, fodya ndi matimati ndi banja limodzi, ndipo matenda ao ndi amodzi. Mukabzala tsabola pamene munazula fodya, tianyongolotsi totupitsa mizu timlandira bwino. Mubzaleni pamene panali cimanga. Thyolani wofiira yekha, ndipo mumuyanike pa thandala, osati pa dothi; wocita cuku wogula amkana.