Mwana Wathu wa ku Yunivesite Akadwala Maganizo

Mwana akasankhidwa kupita ku UNZA, sukulu imene inatsegulidwa mu 1966, kapena ku Copperbelt University ya ku Kitwe, banja lonse limalulutira. Timagulitsa cimanga ndi mbuzi kuti apeze zofunika, ndipo pomutsazika timamuuza kuti ndiye ciyembekezo cathu. Koma kodi timadziwa kulemera kwa katundu amene tamusenzetsa?

Kumeneko ena amagona mothithikana m'cipinda ca anzao, ndalama ya cakudya yatha, mayeso ayandikira. Wina amayamba kusowa tulo, kudana ndi cakudya, kuthawa anzace ndi kuleka kulowa m'kalasi. Izi zikapitirira kwa masabata awiri kapena kuposerapo, madokotala amati angakhale matenda a kupsinjika maganizo. Akatswiri anapeza kuti mwa matenda anai a maganizo, atatu amayamba munthu asanafike zaka 25, umene uli msinkhu weniweni wa ana athuwa. Lipoti la bungwe la WHO la mu 2022 linati munthu mmodzi mwa anthu 8 pa dziko lonse ali ndi bvuto lotere.

Cimene citsekereza mwana pakamwa ndi mantha a kunyozedwa. Aopa kuti anzace adzamucha "wa ku Chainama", ngati kuti dzina la cipatala ndi citonzo. Aopanso ife makolo, pakuti timafulumira kunena kuti walodzedwa ndi a nsanje, wayamba camba, kapena kuti sapemphera. Motero amabisa, mpaka ena amasiya sukulu, ena amadzipha.

Mu 2019 dziko lathu linakhazikitsa lamulo latsopano la umoyo wa maganizo, kucotsa lija la atsamunda limene linali kucha odwala maina onyoza. Lamulo linasintha, koma malilime athu akali akale. Papa Yohane Paulo II anakumbutsa mu 1996 kuti wodwala maganizo ali nacobe cifaniziro ca Mulungu, monga munthu wina aliyense.

Wodwala malungo timamupempherera, komanso timamutengera kucipatala. Ticite cimodzimodzi ndi uyu. Potumira mwana lamya, tisafunse za mayeso zokha. Timufunse ngati akugona bwino, ngati akudya, ngati ali ndi bwenzi lomuuza zakukhosi. Akanena kuti moyo wamukola, tisamudzudzule kapena kudikira chuti: tipite kwa iye ndi kumuperekeza kwa aphungu a pasukulu kapena kucipatala tsiku lomwelo. Ndipo akabwera kwathu asanamalize maphunziro, m'Mphakati timulandire ndi dzina lace, kopanda manong'onong'o.