Kukodza Magazi: Likodzo ndi Khansa ya M'chikhodzodzo

Alimi, asodzi ndi amalonda akumbukire kuti kukodza magazi si chizindikiro cha kukula kwa mnyamata, monga ena amanenera. Kawirikawiri ndi likodzo, lomwe munthu amalitenga posamba kapena polima mpunga m'madzi okhala ndi nkhono. Mazira a tizilombo take amakanirira m'chikhodzodzo, ndipo zilonda za zaka zambiri zimatha kusanduka khansa. Kusuta fodya nakonso kumaonjezera chiopsezo.

Likodzo limachizika ndi mapiritsi a praziquantel, koma khansa siimva mankhwalawa. Choncho munthu akaona magazi mumkodzo, ngakhale popanda ululu, apite kuchipatala akapimidwe. Chotupa chikapezeka msanga, madokotala amachipala kudzera m'njira ya mkodzo. Chikazika mizu, pamafunika kuchotsa chikhodzodzo chonse, kapena mankhwala a khansa pamodzi ndi kuchiwotcha ndi makina.