Njerwa zosaocha: kafukufuku wa ndalama za boma amene angapulumutse mitengo ku Chadiza

CHADIZA – Mvula ikatha ndipo cimanga cikalowa m'nkhokwe, nchito youmba njerwa imayamba m'midzi yambiri ya m'boma la Chadiza. Kuyambira mwezi wa Juni kufikira Okutobala, munthu woyenda m'dera la Mfumu Mlolo, Mfumu Mwangala kapena Mfumu Zingalume amaona mauvuni a njerwa akufuka utsi usana ndi usiku.

Mlimi amene wagulitsa nshawa, soya kapena fodya amafuna kucoka m'nyumba ya udzu ndi kulowa m'nyumba ya njerwa zoocha ndi malata. Cimeneci ndi citukuko ndithu, ndipo palibe angamudzudzule. Koma uvuni uliwonse umadya mitengo, ndipo mitengoyo ikunka ikucepa caka ndi caka.

Kwa zaka pafupifupi 50, akatswiri olipidwa ndi ndalama za boma akhala akufufuza njira yopangira njerwa zolimba popanda moto. Njirayo inapezeka kale. Funso limene latsala ndi lakuti ifika bwanji m'manja mwa amisiri a kumidzi.

Zimene uvuni umawononga

Kuti dongo lisanduke njerwa yolimba, lifunika kutentha kofika pafupifupi madigiri 900. Mu uvuni wa pamudzi kutentha kotere kumacokera ku zipika zikuluzikulu zimene zimayaka kwa masiku angapo. Oumba amakonda mitengo yacilengedwe monga mombo ndi mtondo cifukwa moto wake umakhalitsa. Mitengo imeneyi imatenga zaka zambiri kuti ikule, ndipo kumene yatha anthu amayamba kugwetsa ngakhale mitengo ya mango.

Motowo sufika mofanana paliponse. Njerwa za pakati zimapsa kwambiri mpaka kupindika, pamene za m'mbali zimatuluka zosapsa ndipo zimanyenyeka. Motero gawo lina la nkhuni ndi la thukuta la oumba limangopita pacabe. Maenje amene atsala pokumba dothi amasunga madzi m'dzinja, naswetsa udzudzu, ndipo ndi oopsa kwa ana ndi ziweto.

Dipatimenti ya zankhalango yakhala ikunena kuti dziko la Zambia limataya mahekitala a nkhalango apakati pa 250,000 ndi 300,000 pacaka. Zifukwa zazikulu ndi kutsegula minda yatsopano, kuocha makala ndi kudula nkhuni. Njerwa zimaonjezera pa mtolo umenewu, makamaka pafupi ndi misika ndi m'mbali mwa misewu, kumene nyumba zatsopano zikumangidwa kwambiri. N'cifukwa cake nkhani ya zomangira nyumba inali kukhudzana ndi nchito yoteteza nkhalango za m'cigawo ca kum'mawa ya Zambia Integrated Forest Landscape Project, imene banki ya World Bank inavomereza mu 2017.

Ndani akhala akufufuza?

Mu 1967 boma linakhazikitsa bungwe la National Council for Scientific Research kuti lizifufuza za sayansi pofuna kuthandiza dziko. Kutsatira lamulo la 1997, nchito za bungweli zinapita ku National Institute for Scientific and Industrial Research, imene anthu amaidziwa kuti NISIR. Mwa zina, akatswiri ake akhala akuyesa dongo, laimu ndi miyala ya m'dziko muno kuti aone ngati zingalowe m'malo mwa zomangira zodula.

Pa University of Zambia, mu Lusaka, pali nthambi yochedwa Technology Development and Advisory Unit, mwacidule TDAU, imene inayamba mu 1975. Nthambiyi imapanga makina osavuta oti anthu wamba angathe kuwagwiritsa nchito, ndipo ena mwa makina amenewa ndi opsinjira njerwa za dothi. Nayo Copperbelt University ya ku Kitwe ili ndi sukulu yophunzitsa za mapulani ndi kamangidwe ka nyumba, pamene bungwe la National Council for Construction, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2003, limalembetsa makontilakitala ndi kuphunzitsa amisiri.

Nzeru yopsinja dothi siinayambire kuno. M'zaka za m'ma 1950, injiniya Raúl Ramírez anapanga makina a manja ochedwa CINVA-Ram mumzinda wa Bogotá, m'dziko la Colombia. Makina ambiri a manja amene ali mu Africa lero anatengera pa amenewo.

Kuyambira mu 2013, boma pamodzi ndi mabungwe a United Nations, motsogozedwa ndi International Labour Organization ndiponso ndi thandizo la ndalama locokera ku Finland, linayendetsa pulogalamu ya Zambia Green Jobs Programme kwa zaka zingapo. Pulogalamuyi inaphunzitsa makontilakitala ang'onoang'ono kamangidwe kosawononga cilengedwe, ndipo inamanga nyumba zacitsanzo m'malo monga Lumwana ndi Kalumbila.

Njerwayi imapangidwa bwanji?

Nchito imayamba ndi kusankha dothi. Dothi lakuda la pamwamba, limene lili ndi mizu ndi zinyalala, ndi la ulimi ndipo silifunika. Lofunika ndi la pansi pake, lokhala ndi mcenga wambiri ndi dongo locepa. Dothi la paculu, limene oumba ambiri amalikonda, nthawi zambiri limakhala ndi dongo loculuka, conco lifunika kulisakaniza ndi mcenga kuti njerwa zisang'aluke pouma.

Pali njira yapafupi yoyesera dothi pamudzi. Mmisiri amathira dothi m'botolo loonekera mkati, naonjezera madzi, nakhutcumula kwambiri, kenaka nalisiya tsiku lathunthu. Mcenga umakhala pansi, dothi losalala pakati, ndipo dongo pamwamba. Poona kukula kwa mizere itatuyi, iye amadziwa coti aonjezere.

Dothilo limasefedwa ndi kusakanizidwa ndi simenti pang'ono lidakali louma. Kawirikawiri muyezo umodzi wa simenti umalowa m'miyezo ya dothi yapakati pa 12 ndi 20. Madzi amawazidwa ocepa cabe, oti dothi ligwirane munthu akalifumbata m'manja koma lisasanduke matope. Kenaka limathiridwa m'cikombole ca makina, ndipo anthu awiri amakoka mkono wacitsulo umene umalipsinja mwamphamvu. Thumba limodzi la simenti la makilogalamu 50 lingatulutse njerwa zapakati pa 80 ndi 140, malinga ndi mtundu wa dothi ndi kukula kwa cikombole.

Gawo limene anthu ambiri amaphonya ndi losamalira njerwa zikatuluka m'makina. Simenti imalimba ndi cinyezi, osati ndi dzuwa. Conco njerwa zifunika kusanjidwa pamthunzi, kufundidwa ndi pulasitiki kapena udzu, ndi kuwazidwa madzi tsiku lililonse kwa sabata imodzi kapena ziwiri. Zimafika pa mphamvu yake yeniyeni pakatha masiku 28. Njerwa imene yaanikidwa padzuwa tsiku lomwelo imaoneka yabwino kunja, koma imanyenyeka mvula yoyamba ikagwa.

Makina ena amatulutsa njerwa zolowana, zokhala ndi mano ndi mphako. Zoterezi zimafuna matope a simenti ocepa pomanga, ndipo popeza zimatuluka zosalala ndi zofanana, khoma lingathe kukhala lopanda pulasitala.

Nyumba yozizira popanda magetsi

Mbali yaciwiri ya kafukufukuyu ikhudza kutentha kwa m'nyumba. Aliyense amene anakhalapo m'kalasi ya malata opanda siling'i m'mwezi wa Okutobala adziwa mmene ana amaodzerera dzuwa likafika pamutu. Malata amatentha msanga ndi kutsitsira kutenthako pamitu ya anthu, ndipo m'cisanu ca Juni ndi Julaye amataya kufunda konse usiku.

Khoma locindikala la dothi limacita mosiyana. Limamwa kutentha pang'onopang'ono masana ndi kukutulutsa usiku, motero m'nyumba mumakhala mozizirira masana ndi mofunda m'bandakuca. Makolo athu anali kuzidziwa zimenezi, pakuti nyumba ya dothi yofolera udzu, yokhala ndi khonde kuzungulira, siinali kufuna fani.

Akatswiri a zomanga amalangiza zinthu zingapo zosafuna ndalama zambiri. Makoma aatali a nyumba ayang'ane kumpoto ndi kum'mwera, kuti dzuwa la m'mawa ndi la madzulo ligunde makoma aafupi okha. Denga lituluke kunja mokwanira kuti lichinge khoma ku dzuwa ndi ku mvula. Mazenera akhale moyang'anizana kuti mphepo izidutsa, ndipo pamwamba pa khoma pakhale mipata yotulukira mpweya wotentha. Siling'i, ngakhale ya mphasa kapena nsungwi, imacepetsa kutentha kocokera ku malata, ndipo malata oyera satentha ngati akuda.

Citsanzo codziwika pa dziko lonse cili m'mudzi wa Gando ku Burkina Faso. Kumeneko katswiri wa mapulani a nyumba, Francis Kéré, anamanga sukulu ya pulayimale imene inatha mu 2001, pogwiritsa nchito njerwa za dothi losakaniza ndi simenti pang'ono. Denga la malata analikweza pamwamba pa siling'i kuti mphepo izipita pakati. Anthu a m'mudzimo ndiwo anagwira nchitoyo. Mu 2022 Kéré analandira mphoto ya Pritzker, imene ndi yaikulu koposa pa nchito yojambula nyumba.

Phindu la kamangidwe kotere linaonekera poyera mu 2024. Pa 29 Febuluwale caka cimeneco, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala cinali tsoka la dziko lonse. Madzi atacepa ku Kariba, magetsi anali kuzima mpaka maola 21 patsiku m'madera ena. Maofesi ndi zipatala zodalira mafani zinasanduka ng'anjo, pamene nyumba zolowa mphepo ndi kuwala kwa dzuwa zinapitiriza kugwira nchito masana.

Zopinga zimene zilipo

Ngati njirayi ndi yabwino cotere, n'cifukwa ciani siinafalikire? Copinga coyamba ndi ndalama. Banja limene likuumba njerwa zoocha limagwiritsa nchito mphamvu zake, dothi la pakhomo ndi nkhuni za kuthengo, osatulutsa ndalama zambiri m'thumba. Njerwa yopsinja imafuna simenti yogula, ndipo simentiyo imayenda makilomita oposa 500 kucokera ku mafakitale monga ya ku Chilanga isanafike ku Chadiza. Mtengo wa mtengo wodulidwa kuthengo suwerengedwa, ngakhale kuti mudzi wonse ndiwo umaulipira pambuyo pake.

Caciwiri ndi makina. Munthu womanga nyumba imodzi sangagule makina akeake. Njirayi imapindula pamene kagulu ka acinyamata, kopaletivu kapena khonsolo ili ndi makina amene anthu angabwereke kapena kulipira pang'ono.

Cacitatu ndi luso ndi cikhulupiriro. Anthu ambiri amaona njerwa yosapita pamoto ngati cidina wamba, ca munthu wosauka. Mmisiri mmodzi akaba simenti kapena akaumitsa njerwa padzuwa, khoma limagumuka, ndipo mudzi wonse umaweruza kuti njirayo ndi yabodza. Tiyeneranso kunena kuti njerwa imeneyi imaopa madzi okhalitsa. Imafuna maziko okwera a miyala kapena konkire, pepala lochinga cinyezi pansi pa khoma, ndi denga lotuluka bwino.

Nayo simenti ili ndi mlandu wake, pakuti mafakitale a simenti amatulutsa pafupifupi magawo 7 kapena 8 pa 100 alionse a mpweya wa kaboni umene anthu amatulutsa pa dziko lonse. Ubwino wa njerwa yopsinja ndi wakuti imadya simenti yocepa poyerekeza ndi buloko ya simenti ndi mcenga.

Mpata uli m'nyumba za boma

Dziko loyandikana nalo la Malawi linasankha njira ya lamulo. Mu 2018 linakhazikitsa malamulo oletsa njerwa zoochedwa ndi nkhuni pa zomanga za boma, za mabungwe ndi za malonda. Colinga cinali cakuti omanga aakulu ayambe ndiwo kusintha, kuti opanga njerwa zatsopano apeze msika.

Kuno kwathu mpata waukulu uli m'thumba la citukuko la Constituency Development Fund. Mu 2022 boma linakweza ndalama za thumbali kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu, ndipo zakhala zikukwera m'zaka zotsatira. M'caka comweco maphunziro aulere anayamba, ana anadzaza m'masukulu, ndipo pakufunika makalasi ambiri, nyumba za aziphunzitsi ndi zipatala zing'onozing'ono.

Zomanga zimenezi zimayambira m'makomiti a citukuko a m'mawadi, kumene anthu wamba ali ndi ufulu wolankhula. Kumeneko munthu wa ku Chadiza angathe kufunsa mafunso osavuta. Kodi njerwa za kalasi iyi zidzacokera kuti, ndipo zidzadya mitengo ingati? Kodi dothi la pamalopo layesedwa? Kodi pulani ili ndi siling'i ndi mazenera oyang'anizana? Nanga acinyamata a m'deralo angaphunzitsidwe kuti makina akatha nchito pasukulu atsale m'manja mwao?

Kalasi imodzi yomangidwa bwino, imene makolo angaigwire ndi manja ndi kuiona itapirira madzinja atatu kapena anayi, ingakope anthu kuposa misonkhano yambiri. Mafumu ndi anyakwawa, amene amagawa malo ndi kuyang'anira nkhalango za m'midzi, ali ndi mau aakulu pa nkhaniyi. Ndalama za msonkho zinalipira kale kafukufuku wa ku NISIR ndi ku TDAU, ndipo anthu a ku Chadiza ali ndi ufulu wopempha kuti zotsatira zake zioneke pa sukulu yotsatira imene idzamangidwa m'dera lao.