Chifukwa chake magemu ena amagwetsa misozi

Kwa makolo ambiri a ku Area 25 mumzinda wa Lilongwe, mawu oti gemu amatanthauza phokoso, kusowa kwa ndalama ya ndiwo ndi mwana wofika pakhomo kutada. Sakunama kwenikweni. M'timashopu ta PlayStation tomwe tili m'malo a malonda ngati pa Nsungwi, chomwe chimamveka ndi nkhonya za Mortal Kombat ndi mpira wa FIFA, womwe eni ake adausintha dzina mu 2023 kukhala EA Sports FC koma aliyense amangoti FIFA. Wogonja amapereka padi kwa amene ali pamzere, anzake akumuseka. Munthu atanena pamalo otere kuti kuli magemu omwe amagwetsa misozi ya abambo a ndevu zawo, angamuone ngati wabodza.

Komatu magemuwa alipo, ndipo chisoni chili ngakhale mu gemu yomwe achinyamata a m'mataunishipi adaizolowera kalekale. Grand Theft Auto: San Andreas, yomwe idatuluka mu 2004, imayamba ndi maliro. Carl Johnson, yemwe osewera amangomuti CJ, akubwerera kwawo patatha zaka zisanu chifukwa mayi ake aphedwa. Afika n'kupeza mkulu wake ali ndi mangawa naye poti adathawa banja. Nkhani yotere si yachilendo kwa Mmalawi amene adaonapo mbale wake akutsika basi ya ku Joni kudzaika kholo. Koma wosewera amene walipira mphindi zowerengeka alibe nthawi yomvetsera zokambirana za kumanda. Amadina batani, n'kudumphira pa kuba galimoto.

Funso ndi lakuti, kodi chimaliritsa munthu n'chiyani pa zithunzi zomwe akudziwa bwino kuti zidapangidwa pa kompyuta? Filimu nayo imagwetsa misozi, koma woonera filimu amakhala manja ali m'thumba. Zomwe zikuchitika si mlandu wake. Wosewera gemu ali ndi padi m'manja. Iye ndiye wayendetsa munthuyo, wamudyetsa, wamupulumutsa kambirimbiri. Zinthu zikavuta, mtima umamuuza kuti nayenso ali ndi mbali. Agogo ofotokoza nthano ankaidziwa nzeru imeneyi. Ana akamayankha kuti "tili tonse" ndi kuvomera nyimbo ya mwana wamasiye, sakhalanso ongomvera, alowa m'nkhanimo.

Palinso chinyengo china. Gemu imaphunzitsa wosewera kuti imfa si kanthu: ukafa, umayambiranso. Ndiye akafika pa imfa yomwe siibwezeka, amadzidzimuka. Izi n'zomwe zidachitika mu Final Fantasy VII ya mu 1997, pomwe mtsikana Aerith, amene wosewera wayenda naye maola ambiri, aphedwa pakati pa nkhani ndipo sabweranso. Kwa zaka zambiri osewera ankauzana mphekesera za njira yachinsinsi yomuukitsira. Njirayo kudalibe.

Chitsanzo chomveka bwino koposa ndi Brothers: A Tale of Two Sons, ya mu 2013, yomwe adatsogolera Josef Fares, wobadwira ku Lebanon n'kukulira ku Sweden. Anyamata awiri apachibale anyamuka ulendo kukafuna madzi ochiritsa bambo awo omwe ali kayakaya. Wosewera mmodzi amayendetsa onse awiri nthawi imodzi: dzanja lamanzere ndi la mkulu, lamanja ndi la mng'ono. Poyamba zala zimasokonekera, koma pakapita nthawi manja awiriwo amagwirizana ngati mmene abale amachitira. Mng'onoyo amaopa madzi chifukwa mayi awo adamira iye akuona, choncho akafika pamtsinje amagwirira kumsana kwa mkulu wake.

Chakumapeto kwa ulendo mkuluyo amwalira. Gemu siionetsa malirowo ngati filimu ayi. Wosewera yekha ndiye amakoka mtembo kupita nawo kudzenje ndi kukwirira dothi. Kuyambira pamenepo dzanja lamanzere lilibenso ntchito, langokhala pa padi. Kenaka mwana uja, ali yekha, afika pamadzi omwe ayenera kuwoloka kuti akafike kwa bambo ake. Batani lake likana. Palibe mawu aliwonse pa sikirini omuuza chochita. Wosewera akasowa pogwira n'kudina batani la malemu aja, mwanayo amalowa m'madzi n'kusambira. Ambiri amalirira pamenepa, ndipo n'zomveka. Palibe buku kapena filimu yomwe ingachite zimenezi, chifukwa chisonicho chabwera kudzera m'chala cha munthu mwini.

Magemu ena amagwira mtima podzera m'kudzimvera mlandu. Mu Red Dead Redemption 2, ya mu 2018, wosewera amakhala Arthur Morgan, chigawenga cha ku America m'chaka cha 1899. Ina mwa ntchito zake ndi kutolera ngongole za katapila. Tsiku lina atumidwa kwa mlimi wosauka amene akudwala, ndipo wosewera yemweyo ndiye amamumenya mlimiyo. Ali mkati momenyedwa, wodwalayo amutsokomolera kumaso. Patapita maola ambiri a gemu, Arthur ayamba kutsokomola, n'kupezeka ndi chifuwa chachikulu cha TB. Nthawi imeneyo mankhwala ake kudalibe. Lero ku Malawi matendawa amachizika ndi mankhwala a miyezi isanu ndi umodzi omwe amaperekedwa mwaulere m'zipatala za boma, komabe mabanja ambiri akukumbukira mmene mbale wawo ankaondera tsiku ndi tsiku. Wosewera amaona thupi la munthu wake likutha chimodzimodzi, akudziwanso komwe matendawo adawatenga.

Ena mwa magemuwa adachokera pa maliro enieni. Ryan ndi Amy Green a ku America adapanga That Dragon, Cancer pofotokoza za mwana wawo Joel, amene adamwalira ndi khansa mu 2014 ali ndi zaka zisanu. Gemuyi idatuluka mu 2016. Muli gawo lomwe wosewera ali m'chipinda cha chipatala ndi mwana amene akulira osatonthola, ndipo chilichonse chomwe angayese sichithandiza. Kholo lililonse lomwe lidagonerapo mwana kuchipatala silifuna womasulira. Mu 2024, Abubakar Salim, katswiri wa zisudzo wa ku Britain amene makolo ake ndi ochokera ku Kenya, adatulutsa Tales of Kenzera: Zau pokumbukira malemu bambo ake. Nkhani yake idatengera zikhulupiriro za anthu a Chibantu: mnyamata wa using'anga apangana ndi Kalunga, mwini imfa, kuti amubwezere bambo ake. Gemuyi ikhoza kuseweredwa anthu ake akulankhula Chiswahili.

Nanga n'chifukwa chiyani magemu otere samveka ku Area 25? Vuto lalikulu ndi kayendetsedwe ka bizinesi. Mwini shopu amapeza ndalama anthu akamasinthana msanga, ndipo mpira wa mphindi khumi umamukomera. Gemu ya nkhani imafuna munthu mmodzi akhale maola makumi angapo, abwerenso mawa n'kupeza pomwe adalekezera pasadafufutidwe ndi wina. Magetsi akathima asadasunge, ntchito ya tsiku lonse yapita. Makina atsopano ndi okwera mtengo, ndipo ngakhale ena mwa magemuwa alipo a pa foni, amafuna foni yamphamvu ndi bandulo yaikulu. Chingerezi chothamanga cha m'magemuwo nachonso chimatsekereza ambiri. Mafilimu a ku China ndi ku India adapeza anyamata owamasulira m'Chichewa, magemu sadapezebe.

Makolo asaganize kuti gemu ya chisoni ndiye kuti ndi ya ana. San Andreas ndi Red Dead Redemption 2 zili ndi chizindikiro cha 18 pachikuto, kutanthauza kuti opanga ake ndi oziunika adazilembera akuluakulu. Muli kuphana ndi kutukwana. Nambala imeneyi ndi yosavuta kuiona, koma m'timashopu tambiri gemu imakhala yoikidwa kale m'makina, chikuto palibe, ndipo palibe amene amafunsa zaka za mwana amene wagwira padi.

Mfundo yomwe ikuyenera kuganiziridwa mofatsa ndi ya anyamata achikulire. Amakula akuuzidwa kuti mwamuna salira. Pasiwa amayi ndiwo amakhala m'nyumba ndi mtembo, abambo ali panja pamoto, nkhope zili gwa. Malipoti a apolisi akhala akuonetsa kuti mwa anthu odzipha m'dziko muno, ochuluka kwambiri ndi amuna. Gemu si mankhwala a vuto limeneli, ndipo amene anganene choncho akukokomeza. Koma ndi amodzi mwa malo ochepa omwe mnyamata angakumane ndi imfa ya kholo kapena ya mbale, chinthu chomwe ambiri adachiona kale pakhomo pawo, n'kumva chisoni popanda womuuza kuti alimbe mtima.

Mwa magemu onse atchulidwawa, ya abale awiri ija ndiyo ingakwane mosavuta m'shopu ya pa Nsungwi. Imatha m'maola atatu kapena anayi, siifuna makina amphamvu, ndipo siifuna Chingerezi poti anthu ake amalankhula chinenero chongopeka chomwe aliyense amachimva poona manja ndi nkhope. Chomwe mwini shopu angadandaule n'chakuti imafuna padi imodzi yokha. Yachiwiriyo, yomwe imabweretsa kasitomala wina, ikhala pabenchi masana onse.